Tisamangotama akufa: za moyo wa a Clements Kadalie

Sabata yathayi ndinali pamaliro a mkulu wina amene kwa zaka zambiri anali wapampando wa kagulu ka anthu a geni mumsika wina muno mu Blantyre. Monga mudziwa, mwambo usanathe mphwawo wa malemuwo anaimirira ndi kapepala m'manja n'kuyamba kuwerenga mbiri. Anabadwa chaka chakuti, anakwatira chaka chakuti, asiya ana angapo ndi zidzukulu. Kenaka panabwera mawu aja timawamva pamaliro alionse, akuti anali munthu wabwino, wokonda anthu, wosadziwa kukangana. Bambo ena amene ndinakhala nawo pa benchi anandikodola n'kundinong'oneza kuti zonsezo n'zoona ndithu, malemuwo anawamenyera nkhondo nthawi imene ankafuna kuchotsedwa pamalo awo ogulitsira, koma ndalama zimene ankasonkha mwezi ndi mwezi mpaka lero palibe akudziwa kumene zinalowera.

Sindinawayankhe bambowo, chifukwa pamaliro si pabwalo la milandu. Koma ndili m'minibasi pobwerera nkhaniyi inandikhala pamtima. Ife Amalawi munthu wotchuka akamwalira timamusambitsa mpaka kuyera ngati mngelo. Nyuzipepala, wailesi, andale, tonse nyimbo yake imakhala imodzi. Mapeto ake otsalafe sitiphunzirapo kanthu, ndipo dzenje limene anagweramo malemuyo timadzagweramonso ife mawa lake.

Ndiye lero ndati ndikambeko za munthu amene anamwalira kalekale, m'chaka cha 1951, amene palibenso wamasiye woti angakhumudwe tikanena zoona zake zonse. Munthuyu ndi a Clements Kadalie. Kodi ndi angati mwa inu ophunzira amene mungafotokoze za dzina limeneli kopitirira mzere umodzi wa m'buku la mbiri yakale? Nanga inu amalonda amene mumakwera basi kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge kukaoda katundu ku Joni, mukudziwa kuti m'dziko limenelo bungwe loyamba lalikulu la anthu akuda apantchito analitsogolera ndi mwana wa ku Nkhata Bay?

A Kadalie anabadwa m'chaka cha 1896 m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi mishoni ya Bandawe. Anali Mtonga wa kubanja lachifumu, mdzukulu wa mfumu Chiweyu. Sukulu anayambira pa Bandawe pomwepo, kenaka anapita ku Livingstonia, kusukulu ya a Dr Robert Laws, imene masiku amenewo inkaphunzitsa ana akuda kuposa sukulu ina iliyonse m'chigawo chino cha Africa. Ali ndi zaka 16 zokha anali atamaliza maphunziro a uphunzitsi.

Koma taganizani, mnyamata wodziwa Chingerezi, masamu ndi kulemba makalata, m'dziko la Nyasaland la nthawi imeneyo akanagwira ntchito yanji? Uphunzitsi wa kumishoni malipiro ake anali ochepa zedi, ndipo msonkho wa atsamunda sunkadikira munthu. Choncho m'chaka cha 1915, chaka chomwe chija a John Chilembwe anaukira azungu ku Chiradzulu, a Kadalie anachita zimene anyamata ambiri a kunyanja ankachita: ananyamuka ulendo wa kum'mwera kukafuna ntchito. Anagwirako ukalaliki ku Mozambique, kenaka ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, m'migodi ndi mumzinda wa Bulawayo. Paliponse sankakhalitsa. Anali munthu wosafuna kuponderezedwa, ndipo ankaona kuti mzungu wosaphunzira kwenikweni akulandira ndalama zochuluka kuposa iwo pa ntchito imodzimodziyo. M'chaka cha 1918 anafika ku Cape Town, kumene kunali kale mkulu wawo, a Robert Kadalie.

Ku Cape Town kuja chinachitika n'chinthu chaching'ono chimene chinabala zazikulu. Tsiku lina akuyenda mumsewu ndi anzawo, wapolisi wachizungu anawakankha kuwachotsa m'kanjira ka oyenda pansi. Mzungu wina wandale, a A.F. Batty, amene ankamenyera ufulu wa anthu apantchito, anaona zimenezi ndipo anadziwana nawo. Awiriwa anagwirizana zoyambitsa bungwe la anthu ogwira ntchito padoko, aja otsitsa ndi kukweza katundu m'sitima zapamadzi. Mu January 1919 bungwelo linabadwa ndi anthu 24 okha, ndipo a Kadalie anakhala mlembi. Dzina lake lonse linadzakhala Industrial and Commercial Workers' Union, koma aliyense ankangoti ICU.

Chaka chisanathe, mu December 1919, kabungwe kaja kanaimitsa doko la Cape Town. Anthu pafupifupi 2,000 ananyanyala ntchito kwa masabata awiri. Zifukwa zinali ziwiri: malipiro ochepa, ndiponso kutumiza chakudya kunja pamene m'dzikomo zinthu zinali zitakwera mtengo ndipo osauka akugona ndi njala. Inu amene munaonapo chimanga chikutuluka m'dziko muno anthu akugona pa mzere kudikira thumba limodzi, nkhani imeneyi simufuna womasulira. Boma linabweretsa apolisi ndi asilikali, bungwe la azungu apantchito limene linalonjeza kuthandiza linabwerera m'mbuyo, ndipo sitalakayo inatha popanda phindu looneka. Koma chaka chotsatira, 1920, makampani a padoko atakumbukira zimene zinawaonekera, anavomera kukweza malipiro kufika masheleni 8 patsiku, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mbiri inawanda dziko lonse kuti kuli mnyamata wa ku Nyasaland amene azungu akumumvera.

Boma silinagone. Mu November 1920 linalamula kuti a Kadalie apitikitsidwe m'dzikomo ngati mlendo wosafunika. Anzawo ndi maloya analimbana nalo lamulolo mpaka linafafanizidwa. Masiku amenewo kutsogolera anthu apantchito sanali masewera ayi. Mwezi wa October chaka chomwecho, ku Port Elizabeth, anthu oposa 20 anawomberedwa n'kufa atasonkhana papolisi kufuna kuti mtsogoleri wawo, a Samuel Masabalala, atulutsidwe m'chitolokosi.

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. A Kadalie sankalankhula Chizulu, Chixhosa kapena Chisotho. Pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Ena ankawanyoza nazo zimenezi, koma mwina ndi zomwenso zinawathandiza, chifukwa panalibe mtundu umene ukanati bungweli ndi la mtundu wakuti. Mu ICU munali Axhosa, Azulu, Asotho, makaladi ndi anthu obwera kuchokera maiko ena, onse pamodzi. Ndipo pakamwa anali napo mkuluyu. Akaima pansanja, anthu amene moyo wawo wonse anazolowera kuvula chipewa pamaso pa mzungu ankamva munthu wakuda mnzawo akutchula nduna za boma maina n'kumazidzudzula masana dzuwa likuswa mtengo.

M'chaka cha 1923 bungweli linayambitsa nyuzipepala yakeyake, The Workers' Herald. Atsamunda a kuno kwathu ankaiopa nyuzipepalayi ngati mliri. M'chaka cha 1926 Mmalawi wina, a Isa Macdonald Lawrence, anagamulidwa kukagwira ukaidi wa zaka 3 chifukwa cholowetsa m'dziko muno nyuzipepalayi pamodzi ndi ina ya a Marcus Garvey, Negro World. Zaka zitatu chifukwa cha pepala! Amene tinakula nthawi imene munthu ankabisa kalata ya maepiskopi ya 1992 pansi pa matiresi tikudziwa kuti boma likayamba kuopa pepala ndiye kuti pepalalo lanena zoona. Mtonga winanso, a Robert Sambo, anakadzala ICU ku Bulawayo m'chaka cha 1927, ndipo boma la kumeneko linawapitikitsa.

Likulu la bungwe litasamukira ku Johannesburg, ICU inafalikira ngati moto wa m'tchire, makamaka m'mafamu a Mabunu ku Natal, Transvaal ndi Orange Free State. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Lamulo la malo la 1913 linasiyira anthu akuda pafupifupi magawo 7 okha pa magawo 100 alionse a dziko lawo. Ambiri ankakhala pamafamu a azungu, kulipira malo ndi thukuta lawo ndi la ana awo, chimodzimodzi thangata amene anazunza makolo athu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu. Mwini famu akakwiya ankangokuthamangitsa, iwe ndi ng'ombe zako, kukagona m'mbali mwa msewu. Anthu oterewa atamva za ICU anathamangira kukagula khadi lake lofiira. Khadi limeneli sikuti panali achinyamata oima pageti la msika kukakamiza anthu monga tinazionera ife kuno. Anthu ankagula okha, ena kuchita kugulitsa mbuzi kapena nkhuku, pokhulupirira kuti khadilo lidzawabwezera malo awo. Pofika 1927 bungweli linkanena kuti lili ndi mamembala 100,000. Nthawi imeneyo chipani cha ANC, chimene chinayamba mu 1912, chinali chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi ICU.

Chaka chomwecho cha 1927 a Kadalie anapita ku Geneva kumsonkhano wa bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO. Boma la South Africa linakana kuwatuma ngati nthumwi, koma iwo anapitabe, n'kukalankhula ndi atsogoleri a mabungwe apantchito kumeneko ndi ku Britain. Ndipo mu November 1928 kunachitika chinthu chimene mpaka lero chimandidabwitsa. Nduna yoona za mapositi, a Walter Madeley, inalandira nthumwi za ICU kukambirana za malipiro a anthu akuda ogwira ntchito kupositi ofesi. Nduna yaikulu, a Hertzog, inapsa mtima kwambiri moti inatula pansi udindo n'kupanganso boma latsopano lopanda a Madeley. Mwana wa ku Chifira, amene anachoka kwawo alibe kanthu m'thumba, anachititsa kuti nduna za dziko la azungu zisinthidwe.

Tikanakhala pamaliro, wowerenga mbiri akanathera pamenepa n'kupinda kapepala kake, azimayi n'kuyambitsa nyimbo. Koma ine sindithera pamenepa, chifukwa chimene chinatsatira ndicho tikufunika kuchimva kwambiri.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene ICU inkaoneka yamphamvu kunja, m'kati inali itayamba kale kufumbwa. Nthambi zinkatsegulidwa mofulumira kuposa mmene likulu likanathera kuziyang'anira. Alembi a m'nthambi ankatolera ndalama za umembala, koma mabuku olongosoka kunalibe. Zina zinkafika kulikulu, zina zinkathera m'njira. Zambiri zinapita kwa maloya pa milandu yosatha, zina kugulira magalimoto ndi kulipira maofesi. Anthu a m'mafamu analonjezedwa kuti bungwe lidzawagulira malo, iwo n'kusonkha ndi mtima wonse, koma malowo sanaoneke. Choipitsitsa n'chakuti eni mafamu atadziwa amene ali ndi khadi lofiira anayamba kuwathamangitsa, ndipo bungwe linalibe mphamvu kapena ndalama zowatetezera. Munthu anagulitsa mbuzi kuti apeze malo, mapeto ake anataya ndi kakhumbi komwe anali nako.

Pandale naponso a Kadalie anaphonya kangapo. Pachisankho cha 1924 analimbikitsa anthu akuda ochepa amene anali ndi ufulu wovota ku Cape kuti athandize a Hertzog kugwetsa a Smuts. A Hertzog atalowa m'boma anayamba kuchotsa anthu akuda pantchito za boma, monga kunjanji, n'kuikapo azungu osauka. Mu December 1926 a Kadalie anachotsa m'bungwe atsogoleri amene anali a chipani cha Komyunisiti, monga a James La Guma ndi a Johnny Gomas. Kaya munthu umawakonda a Komyunisiti kaya ayi, anthu amenewa anali m'gulu la ogwira ntchito molimbika, ndipo ndi amene ankafunsa mafunso okhudza kayendetsedwe ka ndalama ndi mphamvu zochuluka za mlembi wamkulu. Atachoka, ofunsa anachepa. A Kadalie ankayembekeza kuti akaoneka ofatsa mabungwe a azungu apantchito adzawalandira ngati anzawo. Atapempha kulowa nawo m'bungwe lawo lalikulu, azunguwo anakana.

Kenaka mikangano ya atsogoleri inayamba. Ku Durban kunali a A.W.G. Champion, amene nthambi yawo inali yaikulu ndiponso yobweretsa ndalama zambiri. Nkhani ya kasungidwe ka ndalama kunthambi imeneyi inafika mpaka kukhoti, a Champion anaimitsidwa, ndipo mu 1928 anachoka ndi anthu awo n'kuyambitsa ICU yase Natal. Chaka chomwecho kunabwera mlangizi wochokera ku Scotland, a William Ballinger, amene abwenzi a bungweli ku Britain anatumiza kuti adzakonze zinthu. Atatsegula mabuku anapeza ngongole zokhazokha. Iwo ndi a Kadalie sanamvane, ndipo kumayambiriro kwa 1929 a Kadalie anachoka m'bungwe limene anayambitsa okha. Anayambitsa lina, Independent ICU. Apa tsopano panali ma ICU angapo, lililonse likuti lenileni ndi ilo, mamembala n'kumangoyang'ana kuti khadi lawo lija ligwira ntchito kuti.

Sindikunena kuti boma la azungu linalibe dzanja pakugwa kwa ICU. Linali nalo, lalikulunso. Lamulo la 1924 la zokambirana pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito silinkawerengera anthu akuda onyamula pasi ngati antchito, choncho bwana sankakakamizidwa kukhala nawo pansi. Lamulo lina la 1927 linapatsa boma mphamvu zomanga aliyense amene akuti akudanitsa akuda ndi azungu, ndipo a Kadalie anazengedwa nalo mlandu mu 1928 ngakhale anapambana. Koma mdani wa kunja anali alipo kuyambira 1919, ndipo bungwe linkakulabe. Linagwa pamene mamembala anasiya kukhulupirira kuti sheleni yawo ikufika kumene anauzidwa.

Mphamvu zawo zomaliza a Kadalie anazionetsa ku East London mu January 1930, pamene anatsogolera sitalaka ya ogwira ntchito kunjanji ndi padoko imene inagwedeza mzinda wonse. Anamangidwa n'kuzengedwa mlandu. Kuchokera pamenepo anakhazikika mumzinda womwewo, akuyendetsa kabungwe kakang'ono, dzina lawo likuzilala pang'onopang'ono. Anamwalira komweko mu November 1951, ali ndi zaka 55. Buku limene analemba lofotokoza moyo wawo, My Life and the ICU, linadzasindikizidwa mu 1970, patatha zaka 19 mwini wake ali m'manda.

Kodi ndiye tinene kuti moyo wawo unapita pachabe? Ayi ndithu. Anthu akuda a ku South Africa anaphunzira kwa ICU kuti wantchito wa padoko, wa m'khitchini ndi wa pafamu akhoza kuima pamodzi, bwana n'kunjenjemera. Mabungwe amene anabwera pambuyo, mpaka COSATU imene inayamba mu 1985 n'kuthandiza kugwetsa tsankho, anayenda m'njira imene ICU inalambula, ndipo anaphunziranso pa zolakwa zake: kumanga bungwe fakitale ndi fakitale, kusankha oimira antchito pamalo pomwepo, ndi kusunga mabuku. Mdzukulu wawo, mayi Rhoda Kadalie, amene anamwalira mu 2022, anadzakhala mmodzi wa makomishonala a bungwe loona za ufulu wa anthu m'dzikomo nthawi ya a Nelson Mandela. Ndipo abale athu akamathamangitsidwa ku Joni ndi ku Durban monga zinachitikira mu 2008, 2015 ndi 2019, akumatchedwa akuba ntchito, ndimalakalaka wina atawakumbutsa eni dzikowo kuti amene anayamba kuwamenyera malipiro abwino anali mlendo wochokera kunyanja kwathu kuno.

Koma phunziro lalikulu ndi lathu ife tomwe. Taonani mabungwe athu: a mavenda, a minibasi, a kabaza, mabanki a m'mudzi, magulu a chipereganyu, mabungwe a ophunzira m'makoleji. Amayamba bwino, ndi mtsogoleri wolimba mtima, wodziwa kulankhula, amene saopa bwana kapena wapolisi. Tonse timamuwombera m'manja. Akatipambanira kamodzi timasiya kumufunsa. Msungichuma amakhala mlamu wake, lisiti imasanduka mwano, ndipo amene waimirira pamsonkhano kufunsa kuti buku liwerengedwe timamutcha wansanje kapena wotumidwa. Pakatha zaka ziwiri gulu lagawanika patatu, aliyense ndi chidindo chake. Zimene zinagwetsa bungwe la anthu 100,000 sizingalephere kugwetsa kagulu ka anthu 40 a mumsika.

A Kadalie anali munthu wamkulu, ndipo ndikufuna dzina lawo lizitchulidwa pa 1 May pamene anthu apantchito akuguba m'misewu yathu. Ndikufunanso ophunzira athu alifunefune buku lawo lija m'malaibulale, aliwerenge ndi maso awiri, chifukwa munthu polemba za iye mwini amadzikometsera. Koma kuwalemekeza kwenikweni ndi kunena zonse: kuti analimba mtima pamene ena ankanjenjemera, ndiponso kuti anakonda ulemerero, sanafune kufunsidwa, ndipo ndalama za amphawi zinatayika iwo ali pampando.

Pamaliro tiyeni tipitirize kutonthoza ofedwa, umenewo ndi umunthu wathu ndipo sindikuutsutsa. Koma maliro akatha, misozi itauma, ife olemba nyuzipepala, aphunzitsi ndi inu mamembala tili ndi ngongole yonena zoona za atsogoleri athu amene apita. Bambo aja anandinong'oneza pa benchi anali ndi mfundo, kungoti anainena mochedwa ndiponso pamalo olakwika. Malo ake anali pamsonkhano wa gulu, wapampando ali moyo, buku lili patebulo. Inu amene gulu lanu likumana Loweruka likudzali, kafunseni kuti bukulo liwerengedwe mokweza, mtsogoleri wanu akadali ndi mpata woyankha yekha.